Kasankhidwe ka Nyama ndi Mkaka Zochokera ku Ziweto Zoleredwa Bwino

Kabuku aka talembera inu, amayi ndi abambo a m'mabanja a kuno ku Chipata ndi m'madera otizungulira, kuyambira ku Kapata, ku Mchini ndi ku Navutika m'tauni muno, kufikira ku midzi ya ku Chadiza, ku Katete, ku Chipangali ndi ku Lundazi, inu amene mumalawira ku msika mutafumbata kandalama kukafuna ndiwo zoti ana atsitsire nsima. Mawu amene tili nawo ndi awa: njala imene chiweto chinagona nayo, mkwapulo umene chinalawa, matope amene chinaimamo ndi mantha amene chinafa nawo, zonsezi sizithera pa mpeni wa wopha, koma zimatsagana ndi nyama mpaka mumphika, ndipo wozilandira potsiriza ndiye wakudya. Chotero munthu amene asankha nyama ndi mkaka wa chiweto choleredwa bwino achitira chifundo cholengedwa cha Mulungu, natchinjiriza ana ake omwe, zonse ziwiri ndi kwacha imodzi yomweyo.

Makolo athu sanasowe kabuku kotere, pakuti iwo ankadya zimene ankazidziwa. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu 1835, anali anthu odziwa ng'ombe iliyonse ndi maanga ake ndi mkhalidwe wake, ndipo pamene Azungu anagonjetsa mfumu yawo Mpezeni mu 1898 nalanda ng'ombe zikwizikwi, chilonda chimenecho sichinali cha chuma chokha, popeza ng'ombe ndiyo inali malobolo, mkaka wa ana ndi ulemu wa mudzi. Kufikira lero, pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February, nkhunzi yakuda yoperekedwa pamaso pa Nkhosi ya Makhosi imachita kusankhidwa. M'mudzi wa Achewa namonso munthu ankadya mbuzi imene anaiona ikubadwa, nadziwa msipu umene inadya ndi mnyamata amene anaibusa. Koma ife a masiku ano, makamaka okhala m'tauni, timagula nthuli zodulidwa kale kwa munthu wachilendo, amenenso anazigula kwa wachilendo mnzake, ndipo nzeru zimene makolo ankazipeza ndi maso okha tiyenera kuzifuna mwadala.

Kunja kwa nyanja nkhani ya kasungidwe ka ziweto inayamba kuvuta pamene nkhuku ndi nkhumba zinatsekeredwa zikwizikwi m'nyumba zosalowa dzuwa. Boma la Britain linatuma akatswiri otsogozedwa ndi Roger Brambell kukafufuza, ndipo lipoti lawo la 1965 ndilo linabala chiphunzitso chimene madokotala a ziweto a maiko onse amachidziwa lero, chakuti chiweto chisamve njala ndi ludzu, chikhale ndi pogona pabwino, chitetezedwe ku ululu ndi matenda, chipatsidwe malo ochitira za chibadwa chake, ndipo chisakhale mwamantha. Izi kwa ife si zachilendo, pakuti chilamulo cha Mose chinapumitsa ng'ombe ndi bulu tsiku la Sabata pamodzi ndi mwini wake, ndipo Solomo anayesa chilungamo cha munthu poona kasungidwe ka ziweto zake. Dziko lathu nalonso lili ndi lamulo loletsa nkhanza kwa nyama, lomwe ndi Mutu 245 wa malamulo a Zambia, pamodzi ndi lamulo la umoyo wa ziweto la 2010 ndi la kutetezeka kwa zakudya la 2019. Ku maiko ena wogula amawerenga pa pepala la nyama mmene chiweto chinaleredwera; pa msika wa Kapata pepala lotero mulibe, ndipo m'malo mwake muli ndi maso anu, mphuno yanu ndi pakamwa panu. Safunsa anadya phula.

Chimene kutopa ndi mantha zichita m'nyama

M'minofu ya chiweto chamoyo muli shuga wosungidwa, ndipo chiwetocho chikaphedwa chili chopumula ndi chodekha, shugayo amasanduka asidi pang'onopang'ono, ndipo asidiyo ndiye amapatsa nyama kufiira kwake kowala, naiteteza kuti tizilombo toolewetsa tisaswane msanga. Koma ng'ombe imene yayendetsedwa ulendo wautali osamwa madzi, kapena yaima pothinana m'lole usiku wonse, kapena yathamangitsidwa ndi ndodo ndi agalu kufikira pophera, imafika itatha kale shuga wake. Nyama yake imatuluka yoderako, youma pamwamba, yomata ku zala, ndipo imayamba kununkha pamene inzake ikadali bwino. Kwa banja lopanda firiji, m'kutentha kwa October, kusiyana kumeneku ndiko kusiyana kwa ndiwo za masiku awiri ndi ndiwo zotaya. Nkhumba imachita mosiyana: ikazunzidwa ndi kuopsezedwa nthawi yochepa isanaphedwe, nyama yake imayera, nikhala yolobodoka ndi yochucha madzi, kotero kuti mukaikazinga imafota, ndipo kilo imene munalipira imathera m'nthunzi.

Ndodo nayo imasiya umboni wake. Pamene chiweto chinamenyedwa pamakhala magazi oundana m'kati mwa mnofu, chigamba chakuda kapena chobiriwirako, makamaka pa ntchafu, pamsana ndi pa nthiti, ndipo kuola kumayambira pomwepo. Nchifukwa chake pa malo ophera oyendetsedwa bwino ng'ombe imapumitsidwa usiku umodzi pa mthunzi ili ndi madzi akumwa, ndipo iphedwa mwachangu ndi mpeni wakuthwa, zinzake zisakuona. Abale athu Achisilamu, amene ali ndi mabutchala awo m'tauni muno, chiphunzitso chawo chimalamula zomwezo: mpeni unoledwe bwino, usanoledwe chiweto chikuona, ndipo chiweto chisazunzike.

Pa butchala

Mukalowa m'butchala musathamangire mtengo. Yambani mwayang'ana pa nyama yopachikidwa ngati pali chidindo cha woyesa nyama, cha inki yofiirira ija, pakuti chidindocho ndicho chikuuzani kuti munthu wophunzira anaona chiwetocho, nang'amba mapapo, chiwindi, mtima ndi minofu ya m'masaya kufuna matenda. Kenaka funsani mwaulemu, monga afunsira munthu wofuna kukhala kasitomala wa masiku onse:

"Zikomo bambo, ng'ombe yaleroyi yachokera kuti, nanga yaphedwa liti?"

Wogulitsa woongoka sazengereza, amayankha kuti, "Amayi, iyi ndagula kwa mlimi wa ku Chiparamba, yaphedwa m'mamawa uno kophera kwa khonsolo, chidindo ndi ichi." Amene akwiya ndi funso lotere, kapena ayankha kuti nyama ndi nyama basi, musakangane naye, tsanzikani bwino, mukagule kwina. Funso limeneli lili ndi phindu linanso, pakuti ng'ombe yosamutsidwa molongosoka imayenda ndi kalata ya chilolezo ya a vetenale, ndipo nyama yosadziwika kochokera kawirikawiri imakhala ya ng'ombe yobedwa usiku m'khola la mnzathu, yothamangitsidwa m'tchire ndi kuphedwa mobisa. Wogula nyama yotero athandiza kusaukitsa banja limene mwina linalimira ng'ombe yomweyo.

Dinikizani nyama ndi chala: yabwino imabwerera, yosasiya dzenje. Mafuta a ng'ombe yodya msipu amakhala achikasu pang'ono, ndipo chimenecho si chilema. Koma nyama yopanda mafuta konse, imene pamalo pa mafuta pali zonanda zamadzimadzi, ndi ya ng'ombe imene inaonda ndi njala ya malimwe kapena matenda kufikira kugwa. Chiwindi chikhale chosalala, chopanda mitsempha yoyera yolimba ndi nyongolotsi zaphanthiphanthi zimene ng'ombe zimatenga m'madambo. Mapapo akhale opanda zotupa zolimba za mafinya, zimene zingakhale chifuwa chachikulu. Tinenepo za ng'ombe zapagoli, pakuti zambiri zimene timadya kuno zinatha zaka zikukoka pulawo ndi ngolo. Palibe cholakwa kudya ng'ombe yotero, koma mlimi wachifundo, ikakalamba, amaimasula pagoli, naipumitsa miyezi ingapo pa msipu wabwino kuti zilonda za pakhosi zipole ndi thupi libwerere, ndipo pamenepo ndi pamene amapezanso mtengo wokwera.

Nkhumba

Apa tikhalitsapo, chifukwa chigawo chathu cha Kum'mawa ndicho kwawo kwa nkhumba za m'midzi, ndipo apa ndi pamene ambiri asokera. Anthu ena amaganiza kuti chiweto choyendayenda mwaufulu ndicho chosamalidwa, ndipo chotsekeredwa m'khola ndicho chozunzika. Pa nkhumba ganizo limeneli ndi lolakwika. Nkhumba imene imamasulidwa anthu akakolola, nimangoyendayenda m'mudzi kudzifunira chakudya, siisamalidwa koma yatayidwa. Imalumidwa ndi agalu, imaponyedwa miyala m'madimba a eni, ndipo m'mudzi wosowa zimbudzi imatsata anthu kutchire nidya chimbudzi chawo. Ngati mwa anthuwo muli wina wokhala ndi njoka ya m'mimba yaphanthiphanthi, nkhumba imameza mazira ake, ndipo mazirawo amasanduka masese m'minofu yake.

Masese ndi timatuza toyera tamadzi, tofanana ndi njere za mpunga wophika, topezeka kwambiri pansi pa lilime, m'masaya, mumtima, pa mapewa ndi m'nyama yofewa ya m'kati mwa msana. Munthu akadya nyama yotero yosapsa bwino, monga ija yootcha mofulumira pa malo a mowa, m'matumbo mwake mumakula njoka yotalika mamita angapo, ndipo iye amayamba kutaya mazira ake ambirimbiri. Tsoka lalikulu limadza pamenepa: mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'masamba osatsuka, amasanduka masese m'thupi la munthuyo, ndipo akafika ku ubongo amadzetsa khunyu, ngakhale kwa mwana amene sanalawepo nkhumba chibadwire. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse limati m'madera amene muli njokayi, pafupifupi odwala khunyu atatu mwa khumi alionse amadwala chifukwa cha iyo. Ndipo akatswiri a University of Zambia ndi anzawo a ku Belgium, atayeza odwala khunyu a m'dera lina la ku Katete, anapeza zizindikiro za masese mu ubongo wa oposa theka. Ndi mabanja angati amene anatha chuma kwa asing'anga, nadana ndi abale powaganizira ufiti, pamene gwero la matenda linali nkhumba yosakhala m'khola ndi mudzi wosakumba chimbudzi?

Ogula nkhumba zamoyo ali ndi njira yawo yoyesera. Amaigoneka nkhumba chammbali, wina naigwira miyendo, napingasa kamtengo m'kamwa mwake, ndipo woyesayo amakoka lilime ndi kansalu, nalisisita ndi chala kunsi kwake kumva ngati muli timibulu. Njirayi ndi yothandiza, koma ichitidwe mwachangu ndi mofatsa, osathyola mano a nkhumba. Ndipo dziwani kuti imagwira nkhumba zodzala masese zokha, pamene zokhala ndi ochepa zimapulumuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chotero pogula nyama ya nkhumba pemphani wogulitsa acheke mozama pa phewa kapena pa ntchafu inu mukuona, ndipo mukaona katuza ngakhale kamodzi, isiyeni yonse, ngakhale atakutsitsirani mtengo ndi theka. Imene mwagula iphikeni kufikira m'kati monse musaoneke kufiira kapena madzi a magazi.

Khola labwino la nkhumba mudzalizindikira mosavuta. Lili ndi denga, pakuti nkhumba situluka thukuta loiziziritsa ndipo dzuwa limaipweteka koposa ziweto zina. Lili ndi mbali youma yogonapo yoyalidwa udzu, ndi mbali ina yochitira chimbudzi, popeza nkhumba ikapatsidwa malo siipitsa pogona pake. Muli chomwera chosaphwa madzi, ndi chodyera cha gaga wosakaniza ndi masamba ndi zotsala za soya kapena mpendadzuwa. Nkhumba yomangidwa chingwe pa mwendo nyengo yonse ya dzinja mpaka chingwe kulowa m'mnofu, kapena yoima m'thope lofika m'mimba m'kakhola kosatembenukika, imeneyo ikuzunzika, ndipo mwini wake auzidwe. Khola limatchinjirizanso ku chigodola cha nkhumba, matenda amene analembedwa koyamba m'dziko lino m'chigawo chathu chomwechino mu 1912, ndipo alibe mankhwala. Chigodola sichigwira munthu, komabe nyama ya nkhumba yodwala ikagulitsidwa, madzi otsukira ndi zotsala zake zimapha nkhumba za mudzi wonse. Ndicho chifukwa boma limaletsa kawirikawiri kutulutsa nkhumba ndi nyama yake m'chigawo chino.

Mbuzi ndi nkhuku

Taonani mbuzi ija mumakumana nayo pa msewu wa Great East kapena wa ku Lundazi dzuwa lili paliwombo. Yagonekedwa chammbali pa kaliyala wa njinga, miyendo inayi yamangidwa pamodzi ndi mphira wa chubu, mutu ukulendewera pafupi ndi masipoko, lilime lili kunja, ndipo kulira kunaithera makilomita khumi apitawo. Ikafika pa msika siingathe kuima, ndipo m'miyendo mmene munadutsa mphira mwatupa. Mwini njingayo si munthu woipa mtima, ndi bambo wofuna fizi ya mwana; komatu akanalawira mbandakucha kusanatenthe, akanaika mbuzi m'kabokosi ka matabwa kapena m'dengu lalikulu loyalidwa udzu, naimwetsa madzi pofika, akanagulitsa nyama yabwino koposa. Inu ogula, mukapeza mbuzi ziwiri pa msika, ina yoima pa mthunzi ikubzikula, maso owala ndi ubweya wosalala, ina yogona yomangidwa padzuwa, gulani yoimayo, ndipo muuzeni wogulitsa winayo chifukwa chake. Wamalonda amamva msanga chimene chamutayitsa kasitomala.

Nkhuku ya chikuda, yokulira pabwalo, yofukula m'dothi ndi kusamba m'fumbi, ili ndi moyo umene nkhuku inalengedwera, malinga ngati ili ndi khola lokwezeka la usiku, madzi, ndi katemera wa chitopa miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Chenjerani nazo nkhuku zotchipa modabwitsa m'nyengo ya malimwe, pakuti chitopa chikalowa m'mudzi anthu amathamangira ku msika ndi zotsala. Nkhuku yosinza, yogwetsa mapiko, yopotoka khosi kapena yotsekula zobiriwira musaigule, ndipo iliyonse yogula pa msika musaiphatikize ndi zanu za pakhomo asanathe masabata awiri. Nkhuku zoyera za mabuloila, zimene zimakhwima m'masabata asanu ndi limodzi, nazonso zingaleredwe bwino kapena moipa. Itembenuzeni muone kunsi kwa mapazi, pa mfundo za miyendo ndi pa chidale: mukaona zilonda zakuda kapena nthenga zothothoka ndi zomata ndowe, dziwani kuti inakulira pa utuchi wonyowa, mothinana, m'nyumba ya fungo lotsamwitsa. Mlimi wabwino saika nkhuku zazikulu zoposa khumi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo sachita manyazi kukuonetsani khola lake. Ponyamula nkhuku kupita nayo kunyumba, ifungatireni m'khwapa kapena iikeni m'dengu. Kuilendeweza chadodolido pa chiwongolero cha njinga kumaithyola miyendo ndi mapiko.

Mkaka

Mkaka wabwino umayambira kwa thole. Ng'ombe zathu za mtundu wa Angoni, za linunda ndi nyanga zazifupi, zimapirira chilala ndi matenda koma mkaka wake ndi wochepa, ndipo mlimi amene akama mawere onse anayi mpaka kuuma kuti adzaze chigubu cha malonda, akubera thole limene likanakhala ng'ombe yake ya mawa. Mukapita kukagula mkaka pakhomo pa mlimi, yang'anani matole. Ngati ali onenepa ndi odumphadumpha, mkaka umenewo mwaugula mwachilungamo. Ngati ali a mimba zazikulu, nthiti poyera ndi ubweya woimirira, pakhomopo pali umbombo. Mkaka woyamba wachikasu uja ndi wa thole, liyenera kuuyamwa m'maola oyambirira litabadwa chifukwa ndiwo chitetezo chake ku matenda, ndipo wa masiku anayi kapena asanu oyambawo sugulitsidwa. Funsaninso ngati matole analandira katemera wa matenda a nkhupakupa aja a East Coast fever, amene apha matole ambiri kuno. Katemera wake wa m'chigawo chino anapangidwa ndi kachilombo kotengedwa ku Katete komweku.

Ng'ombe za mkaka za chizungu, za Friesian ndi Jersey ndi makaladi ake, zimene ena amaweta m'khola ndi kuzidulira udzu, zimafuna chisamaliro choposa. Imodzi yokamwa imamwa madzi malita 50 kapena kuposerapo tsiku lililonse, imafuna mthunzi, pogona pouma ndi bwalo loyendamo. Wokama wodziwa ntchito yake mudzamuona akusamba m'manja, natsuka bere ndi madzi ofunda, nalipukuta ndi nsalu yoyera. Madontho oyamba a nsonga iliyonse amawakamira m'kapu yakuda kuti aone ngati muli timibulu kapena magazi, zimene ndi zizindikiro za kutupa kwa bere. Amakama ndi dzanja lonse, osakoka nsonga, osakalipa, ndipo ng'ombe imaima phee ikubzikula, pakuti ng'ombe yamantha imaumira mkaka. Ya ntchafu zomata ndowe zouma, yotsimphina chifukwa choima m'matope, mkaka wake sungakhale woyera ngakhale usefedwe kangati.

Pali chinthu china chosaoneka ndi maso. Ng'ombe ikabayidwa jekeseni ya matenda, mankhwalawo amatuluka mu mkaka ndi kukhala m'nyama kwa masiku amene alembedwa pa botolo, ndipo masikuwo asanathe mkaka suyenera kumwedwa kapena chiweto kuphedwa. Amayi odziwa amauzindikira mkaka wotero chifukwa umakana kugona bwino akafuna chambiko. Choopsa chake nchakuti timankhwala tochepa tomwedwa tsiku ndi tsiku timazoloweretsa tizilombo ta matenda, kufikira kuti mwana akadwala, mankhwala a kuchipatala salimbananso nato. Mlimi amene ali m'kopaletivu yokhala ndi malo osonkhanitsira mkaka amazolowera mwambo, popeza kumeneko mkaka umayesedwa ngati wathiridwa madzi kapena wayamba kusasa usanalowe m'thanki yoziziritsa. Nchifukwa chake mkaka wodzera kumeneko, kapena wa m'mapaketi wophikidwa kale ku fakitale, uli ndi chitsimikizo choposa wa m'botolo la pamsewu. Koma uliwonse wosaphika umene walowa m'nyumba mwanu uwiritseni kufikira utafufuma, ngakhale ng'ombe yake ndi yanu, chifukwa chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda aja opolozetsa ng'ombe, amene mwa munthu amadzetsa malungo obwerezabwereza ndi kuphwanya kwa mfundo, zimadzera mu mkaka wa ng'ombe yooneka yathanzi. Kusasitsa pakokha sikupha tizilombo timeneti. Chambiko, chimene ena amati mabisi, chikonzeni ndi mkaka wowiritsa ndi kuuziziritsa, ndipo muthiremo pang'ono chambiko chabwino cha dzulo.

Nyama ya chiweto chofa chokha

Pa ichi tilankhula mosapsatira: musadye, musagule, musasende. Tikudziwa kuwawa kwake, kuti ng'ombe imene inali nkhokwe ya banja yagwa usiku, ndipo kuikwirira yonse kuoneka ngati kutaya chuma kawiri; tikudziwanso kuti m'miyezi ya njala nyama yogawidwa pa ngongole imakopa. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mu 2011 ku Chama, mvuu zitafa mu mtsinje wa Luangwa ndi matenda a anthrax, anthu anasenda ndi kudya nyama yake, ndipo oposa 500 anadwala, ena namwalira. Mu 2023 matenda omwewa anabuka ku Sinazongwe nafalikira m'zigawo zambiri za dziko lino, ndipo odwala anali mazanamazana. Chiweto chimene chafa mwadzidzidzi, chotupa msanga, chotuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo, chisang'ambidwe konse, pakuti tizilombo take tikakhudzana ndi mpweya timasanduka njere zokhala m'nthaka zaka makumimakumi. Itanani a vetenale a ku kampu yanu, uzani anyakwawa, tsekerezani agalu ndi ana, ndipo mtembowo utenthedwe kapena ukwiriridwe m'dzenje lakuya monga adzakulangizani. Wosenda amene watuluka chilonda chosapweteka cha pakati pakuda athamangire ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala alipo ndipo amachiza akafulumira.

Pamene ndalama ili yochepa

Wina adzati, zonsezi nzabwino kwa olemera, koma ife timagula kamulu ka nyama kamene kwacha yathu yafikira. Yankho lathu ndi lakuti theka la kilo la nyama ya chidindo, lophikidwa pamodzi ndi nyemba kapena masamba otendera, lidyetsa banja bwino koposa kilo yathunthu yokayikitsa, ndipo masiku ena mazira, kapenta, nyemba ndi nsinjiro zikwanira popanda manyazi.

Ilipo njira ina imene mabanja ambiri amaidziwa kale, makamaka pa Khirisimasi ndi pa chaka chatsopano, ndiyo yosonkherana. Mabanja khumi kapena makumi awiri a mpingo umodzi, a kalabu ya amayi kapena a banki ya m'mudzi amaika ndalama pamodzi kuyambira nthawi yokolola, natuma anthu awiri okhulupirika kukaona chiweto chili chamoyo pakhomo pa mwini wake. Otumidwawo aone khola, aone pomwera, afunse za dipi, za katemera ndi za jekeseni yotsiriza, ndipo asachite changu, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mtengo ukamveka, atenge kalata kwa anyakwawa ndi chilolezo kwa a vetenale, ayendetse chiwetocho m'mawa kapena madzulo pang'onopang'ono, chigone usiku umodzi chili ndi madzi, ndipo chiphedwe mbandakucha pa malo ovomerezeka, woyesa nyama alipo. Nyama isagonekedwe pa dothi koma ipachikidwe, matumbo atsukidwire patali, ndipo milu igawidwe dzuwa lisanakwere. Ya ng'ombe kapena ya mbuzi imene simuphika tsiku lomwelo ilengeni mizere yopyapyala, ithireni mchere, muiwambe pa moto wa utsi kapena muiyanike pa mthunzi wopita mphepo, yophimbidwa ndi kansalu kopyapyala koletsa ntchentche. Koma ya nkhumba, ngakhale itawambidwa, iphikidwebe mpaka kupsa isanafike pa mbale ya mwana.